Mmene mungalembere chimangirizo cha mbiri ya America: kuchokera pa nthawi ya atsamunda mpaka nkhondo ya ufulu itatha

Ophunzira ambiri a ku sekondale amene apatsidwa ntchito yolemba za mbiri ya America, makamaka ana athu amene ali m'sukulu za ku United States komwe phunziroli limabwera kawirikawiri m'giredi 11, amayamba ndi kuloweza zaka ndi mayina, ndipo tsiku lopereka ntchito likafika amakhala ndi mndandanda wautali wa zochitika koma alibe choti anene pa zochitikazo. Kutero kuli ngati kuunjika njerwa pabwalo n'kumanena kuti mwamanga nyumba. Mphunzitsi akudziwa kale kuti nkhondo inayamba mu 1775. Chimene akufuna kwa inu n'chakuti mumusonyeze chifukwa chake anthu amene mu 1763 ankanyadira kukhala pansi pa mfumu ya Britain anafika potola mfuti n'kuwombera asilikali a mfumu yomweyo patangopita zaka 12, ndiponso chifukwa chake anthu omwewo atapambana anamanga boma lamphamvu lotolera msonkho umene ankaukana. Ntchito yonse imene mungakonze pa mutu umenewu iyenera kutsata chingwe chimenechi.

Yambani ndi mapu ojambula nokha

Musanatsegule buku kuti muwerenge za nkhondo, jambulani ndi dzanja lanu gombe la kum'mawa kwa North America, muikepo madera 13 a Angerezi, kenaka mulembe mzere wa mapiri a Appalachian chakumadzulo kwake, pakuti mapiri amenewa mudzawafuna mukafika pa chaka cha 1763. Pa dera lililonse lembani zinthu ziwiri zokha: chimene derali linkagulitsa, ndi amene ankagwira ntchito yotulutsa chinthucho.

Mukatero mudzaona msanga kuti maderawa sanali amodzi. Jamestown, ku Virginia, inakhazikitsidwa mu 1607 ndi kampani yofuna phindu, ndipo anthu ake anatsala pang'ono kutheratu ndi njala ndi matenda mpaka pamene fodya wawo anapeza msika ku England. Anthu amene anafika ku Plymouth mu 1620 ndi ku Massachusetts Bay mu 1630 anabwera makamaka pa nkhani za chipembedzo, ndipo popeza nthaka ya kumeneko ndi yamiyala ndiponso nyengo yachisanu ndi yaitali, zidzukulu zawo zinadalira usodzi, kukhoma zombo ndi malonda a panyanja. Pennsylvania, imene William Penn anapatsidwa mu 1681, inalemera ndi tirigu, South Carolina inalemera ndi mpunga wolimidwa ndi akapolo, ndipo Georgia, dera lomaliza, linalandira chikalata chake mu 1732. Wamalonda wa ku Boston ndi mwini munda wa fodya wa ku Virginia sankadandaula zinthu zofanana, choncho chimangirizo chimene chimangoti "anthu a ku America anakwiya" chimadumpha funso lenileni, loti chinawagwirizanitsa n'chiyani.

Pa mapu omwewo, pafupi ndi Virginia, lembani chaka cha 1619 m'zilembo zikuluzikulu. M'chaka chimenecho nyumba yoyamba ya aphungu osankhidwa inakumana ku Jamestown, ndipo m'chaka chomwecho chombo chinatsitsa ku Point Comfort anthu a ku Africa oposa pang'ono 20 amene anagwidwa m'dera la Angola. Mu 1662 aphungu a ku Virginia anakhazikitsa lamulo loti mwana azitsata mayi wake, kutanthauza kuti mwana wa mayi kapolo ndi kapolo kuyambira tsiku lobadwa. Kudzilamulira kwa azungu ndi ukapolo wa anthu akuda zinakulira pa nthaka imodzi, ndipo nyumba ya malamulo imene inkateteza choyambacho ndi imene inkalimbitsa chachiwiricho. Wophunzira amene wagwira mfundo imeneyi ali ndi chonena pa funso lililonse la phunziroli.

Dziwani amene anaukira

Ife amene tinakulira ku Malawi, Zambia kapena Zimbabwe tikamva za nkhondo ya ufulu timaona m'maganizo eni nthaka akulimbana ndi obwera, monga zinalili ku Nyasaland kufikira mu 1964. Ku America amene anaukira mfumu anali obwerawo ndi zidzukulu zawo. Eni nthaka, mitundu monga Powhatan, Wampanoag, Cherokee ndi mgwirizano wa Iroquois, anali atalandidwa kale malo ambiri, ndipo nkhondo itabuka ambiri a iwo anaona kuti mfumu ya kutali inali yabwinoko kusiyana ndi mlimi wa pafupi amene maso ake anali pa munda wawo. Mgwirizano wa Iroquois unagawanika pa nkhaniyi, a Mohawk anapita kwa Angerezi pamene a Oneida anathandiza oukirawo. Ngati mukufuna chitsanzo cha kuno kwathu chokuthandizani kumvetsa, yang'anani ku Rhodesia, komwe pa 11 November 1965 boma la Ian Smith linalengeza kuti ladzichotsa pansi pa Britain pogwiritsa ntchito mawu otengera chikalata cholengeza ufulu cha ku America cha 1776. Zinthu ziwirizi si zofanana m'zonse, ndipo sindikulangiza kuti mumange chimangirizo chanu pa kufanizira kumeneku, koma kukuthandizani kuti musasokoneze mbali za anthu.

Tsatirani ngongole

Gawo limene liyenera kukudyerani nthawi yambiri ndi la zaka za 1763 mpaka 1775, ndipo njira yabwino yoliphunzirira ndi kudula timapepala, kulemba chochitika chimodzi pa kapepala kalikonse, ndi kulemba kuseri kwake chimene chinabala chochitikacho ndi chimene icho chinabala. Kapepala kamene kuseri kwake kulibe kanthu ndi chizindikiro chakuti mwaloweza popanda kumvetsa.

Kapepala koyamba ndi ka nkhondo ya pakati pa Britain ndi France, imene ku America inayamba mu 1754 ndipo inatha ndi pangano la ku Paris mu 1763. Britain inapambana n'kutenga Canada, koma ngongole yake inatsala pang'ono kuwirikiza kawiri, kufika pa mapaundi pafupifupi 130 miliyoni, ndipo boma linaganiza zosiya asilikali pafupifupi 10,000 ku America. M'chaka chomwecho mitundu ya eni nthaka ya m'dera la nyanja zikuluzikulu inaukira motsogozedwa ndi Pontiac ndi atsogoleri ena, ndipo pofuna kupewa nkhondo ina yodya ndalama, mfumu George III inaletsa azungu kukakhala kumadzulo kwa mapiri a Appalachian. Apa ndi pamene mzere wa pa mapu anu ukugwira ntchito: anthu amene anamenya nkhondo poyembekezera malo a kuseri kwa mapiri, kuphatikizapo George Washington, amene pambuyo pake anatsogolera asilikali a oukirawo n'kukhala mtsogoleri woyamba wa dziko, ndipo anali ndi chidwi ndi malo a kumeneko, anauzidwa kuti malowo asawakhudze. Komanso Afalansa atachoka, chimene chinkawachititsa kudalira chitetezo cha mfumu chinali chitachepa.

Kenaka pakubwera misonkho. Wa shuga unabwera mu 1764, koma umene muyenera kuumvetsa bwino ndi wa 1765, wa Stamp Act, umene unkafuna kuti nyuzipepala, zikalata za kukhoti, ziphaso ndi makhadi a masewera zikhale pa pepala lodindidwa chizindikiro cha boma, lolipiridwa ndi ndalama za Britain zimene zinali zosowa m'maderawa. Taonani amene msonkhowu unawagunda: osindikiza nyuzipepala, maloya ndi amalonda, ndiye kuti anthu amene anali ndi makina osindikizira, odziwa kulankhula pagulu ndiponso okhoza kuimitsa malonda. Nthumwi za madera 9 zinakumana ku New York mu October 1765, amalonda ananyanyala katundu wa ku Britain, ndipo mu 1766 msonkhowo unachotsedwa. Koma pa nthawi yomweyo Nyumba ya Malamulo ya ku London inakhazikitsa lamulo lina lonena kuti ili ndi mphamvu yopangira maderawa malamulo pa nkhani ina iliyonse. Ophunzira ambiri amalidumpha lamulo limeneli chifukwa silinatolere ndalama iliyonse, pamene ndi limene likuonetsa kuti mkangano sunathe.

Apa pali msampha umene umagwetsa ambiri. Musalembe kuti anthu anaukira chifukwa misonkho inali yokwera, pakuti munthu wa ku America ankalipira msonkho wochepa kwambiri poyerekeza ndi mnzake wa ku England, ndipo lamulo la tiyi la 1773 linatsitsa mtengo wa tiyi wa East India Company. Mkangano unali pa funso loti ndani ali ndi mphamvu yodula msonkho. A ku America ankati popeza alibe phungu ku London, ndi nyumba zawo za malamulo zokha, zina mwa izo zitakhalapo zaka zoposa 100, zimene zingawadule msonkho, pamene a ku London ankati phungu aliyense amaimira anthu onse a mfumu ngakhale amene sanamusankhe. Mukamvetsa zimenezi mudzamvetsa chifukwa chake pa 16 December 1773 anthu anataya mabokosi 342 a tiyi wotchipa m'doko la Boston. Boma linayankha mu 1774 potseka dokolo ndi kuchepetsa mphamvu zodzilamulira za Massachusetts, ndipo chilango chimenechi, chimene cholinga chake chinali kuopseza madera ena, ndi chimene chinawasonkhanitsa ku Philadelphia mu September chaka chomwecho. Mfuti zinalira ku Lexington ndi Concord pa 19 April 1775.

Funsani mafunso zikalata zakale

Malikisi ambiri pa phunziroli amachokera pa mmene mwagwiritsira ntchito zolembedwa ndi zojambulidwa za nthawi imeneyo, ndipo amene akulemba mayeso a AP US History, mayeso a mbiri ya America a pamlingo wa koleji olembedwa ku sekondale, amapatsidwa funso lokhala ndi zikalata 7 zoti aziwerenge ndi kulembapo mkati mwa ola limodzi. Pa chikalata chilichonse dzifunseni kuti analemba ndani, ankalembera yani, zinthu zinali bwanji pa nthawiyo, ndiponso ankafuna kuti womvera achite chiyani.

Yesani mafunsowa pa chithunzi chimene Paul Revere anasindikiza cha kuphedwa kwa anthu ku Boston pa 5 March 1770, chimene chimapezeka pafupifupi m'buku lililonse la phunziroli. Asilikali ovala zofiira aima pamzere wowongoka, kumbuyo kwawo mkulu wawo wakweza lupanga ngati akulamula kuti awombere, kutsogolo kuli anthu opanda chida akugwa magazi ali chuchuchu, ndipo pakati pawo paima kagalu. Pamwamba pa nyumba imene ili kumbuyo kwa asilikaliwo palembedwa mawu oitcha nyumba ya opha nyama. Tsopano ikani chithunzichi pambali pa zimene zinanenedwa kukhoti, komwe mboni zinafotokoza za chikhamu chimene chinazinga asilikali ochepa usiku n'kumawagenda ndi zibuma za chisanu ndi ndodo. Anthu asanu anafa, mmodzi mwa iwo Crispus Attucks, wa magazi a ku Africa ndi a eni nthaka, koma khoti linamasula Kaputeni Thomas Preston ndi asilikali asanu ndi mmodzi, n'kupeza awiri okha olakwa pa mlandu wopha mosakonzekera, ndipo loya amene anawaimira anali John Adams, amene pambuyo pake anakhala mtsogoleri wachiwiri wa dziko. Musalembe kuti chithunzicho n'chopanda ntchito chifukwa n'chokondera. Ndi umboni wofooka wa zimene zinachitika usiku umenewo, koma ndi umboni wamphamvu wa mmene atsogoleri a ku Boston ankakokera anthu kumbali yawo.

Chikalata cholengeza ufulu cha pa 4 July 1776 muchiwerenge chonse, osati ndime yachiwiri yokha imene imanena kuti anthu onse analengedwa ofanana. Gawo lalikulu ndi madandaulo 27 otsutsa mfumu, ndipo mukawayala pambali pa timapepala tanu mudzapeza kuti ambiri mukuwadziwa kale. Dandaulo lomaliza likuimba mfumu mlandu woyambitsa kuukira pakati pa anthu a m'maderawo ndiponso wowatumizira eni nthaka, ndipo limamveka bwino mukadziwa kuti mu November 1775 bwanamkubwa wa Virginia, Lord Dunmore, analonjeza ufulu kwa akapolo a oukirawo amene angathawe n'kumenyera nkhondo mfumu. Thomas Jefferson, amene analemba chikalatachi, anasunga akapolo oposa 600 m'moyo wake wonse. Chimangirizo chabwino sichibisa zimenezi ndipo sichithera pa kudzudzula kokha, koma chimasonyeza kuti mawu a chikalatacho anapita kutali kuposa mmene olemba ake ankafunira, pakuti akapolo a ku Massachusetts anayamba kupempha ufulu pogwiritsa ntchito mfundo zomwezo, ndipo pofika mu 1783 makhoti a m'derali anali atathetsa ukapolo. Kalata ya Abigail Adams ya mu March 1776, yopempha mwamuna wake John Adams kuti akumbukire akazi popanga malamulo atsopano, ikhoza kugwira ntchito yomweyo.

Za nkhondo yeniyeniyo musachulutse masamba pokhapokha funso likufuna zimenezo. Chofunika n'chakuti Washington anasunga gulu lake la nkhondo lisanaphwasuke ngakhale anagonja kangapo, kuti kupambana kwa ku Saratoga mu October 1777 kunakopa France kulowa nkhondoyo mu 1778, ndiponso kuti Cornwallis, mkulu wa asilikali a Britain, anagonja ku Yorktown mu October 1781 chifukwa zombo za Afalansa zinamutsekera njira ya panyanja.

Musaimire pa 1783

Ntchito zambiri zimene zikanakhala zabwino zimathera pa pangano la mtendere la 1783, ngati kuti nkhani inathera pomwepo, pamene zaka zotsatira ndi zimene zimayesa zonse zimene oukirawo ankanena. Panganolo linapereka kwa United States malo onse kufikira mtsinje wa Mississippi popanda kutchula eni nthaka okhala m'malowo. Anthu pafupifupi 60,000 amene anakhala kumbali ya mfumu anachoka m'dzikomo, ndipo mwa iwo munali anthu akuda pafupifupi 3,000 amene anatengedwa ku New York kupita ku Nova Scotia, ena mwa iwo, pafupifupi 1,200, n'kudzawoloka nyanja mu 1792 kukayambitsa Freetown ku Sierra Leone.

Bwererani ku ngongole, pakuti dziko latsopanoli linatuluka m'nkhondo lili nayo yambiri. Malamulo ake oyamba, Articles of Confederation, sanapatse boma lapakati mphamvu yodula msonkho, chinthu chomveka kwa anthu amene anali atangomenya nkhondo pa nkhani yomweyo, koma zotsatira zake zinali zakuti bomalo linkangopempha ndalama ku zigawo n'kumalandira zochepa. Massachusetts inakweza misonkho kuti ibweze ngongole zake ndipo inkafuna ndalama zachitsulo zimene alimi a kumadzulo kwa chigawocho analibe. Minda itayamba kulandidwa, alimiwo, ambiri a iwo asilikali akale amene sanalipidwe mokwanira, anayamba mu 1786 kutseka makhoti kuti milandu ya ngongole isazengedwe, mmodzi wa atsogoleri awo ali Daniel Shays. Kuukiraku kunathetsedwa kumayambiriro kwa 1787, koma mantha amene kunadzetsa kwa eni chuma anathandiza kuti nthumwi 55 zipite ku Philadelphia chaka chomwecho kukalemba malamulo atsopano oyendetsera dziko.

Polemba za malamulo amenewa, aoneni ngati mgwirizano wa anthu okangana. Zigawo zazikulu zinapatsidwa aphungu molingana ndi chiwerengero cha anthu m'nyumba imodzi, ndipo zigawo zonse zinapatsidwa aphungu awiriawiri m'nyumba inayo. Pa akapolo asanu aliwonse ankawerengapo atatu pogawa mipando, zimene zinawonjezera mphamvu za eni akapolo, ndipo boma linaletsedwa kuthetsa malonda obweretsa akapolo chisanafike chaka cha 1808. Kalembera wa 1790 anapeza anthu pafupifupi 3.9 miliyoni, mwa iwo akapolo pafupifupi 700,000. Amene ankaopa boma lamphamvu sanangokhala chete, ndipo kulimbikira kwawo ndi kumene kunabala ndime 10 zoteteza ufulu wa munthu zimene zinavomerezedwa mu 1791. M'chaka chomwecho boma latsopano linaika msonkho pa kachasu wa whiskey kuti libweze ngongole, ndipo alimi a kumadzulo kwa Pennsylvania atakana kulipira, Washington anasonkhanitsa asilikali pafupifupi 13,000 mu 1794 kukawakhalitsa chete. Funso loti zimenezi zinasiyana bwanji ndi zimene mfumu inachita ku Boston ndi labwino kwambiri, ndipo yankho lake loyamba ndi lakuti tsopano msonkhowo unadulidwa ndi aphungu osankhidwa, ngakhale osankhawo anali makamaka amuna achizungu okhala ndi chuma.

Kulemba kwenikweniko

Ndime yoyamba ikhale ndi chiganizo chimodzi chimene munthu wina angathe kuchitsutsa. Kunena kuti nkhondo ya ufulu inali ndi zifukwa zambiri si mfundo, chifukwa palibe angakane. Koma mukanena kuti nkhondoyo inasintha kwambiri gwero la ulamuliro, kuchoka kwa mfumu kupita kwa ovota, pamene inasiya umwini wa nthaka ndi wa akapolo m'manja momwe unali, mwadzipatsa ntchito yoti mutsimikize. Ndime iliyonse yotsatira iyambe ndi mfundo imodzi, ibweretse umboni wokhala ndi dzina ndi chaka, ndipo ifotokoze momveka mmene umboniwo ukuchirikizira mfundoyo, pakuti umboni wongoponyedwa popanda kuufotokoza sulandira malikisi. Sungani ndime imodzi ya zimene zikutsutsana nanu, monga kutha kwa ukapolo m'zigawo za kumpoto, ndipo muziyankhe moona mtima m'malo mozibisa.

Ngati funso likungonena za nthawi ya pambuyo pa nkhondo osatchula nkhondoyo, funsani aphunzitsi musanayambe, chifukwa m'mabuku a ku America mawu amenewa nthawi zambiri amanena za zaka zotsatira 1945. Zikakhala choncho, zimene mwaphunzira pano sizitayika, pakuti chigamulo cha 1954 choletsa kusankhana mitundu m'sukulu za boma ndi lamulo la ufulu wa anthu la 1964 zinabwera poyankha funso lomwe lija la amene mawu a 1776 ankawaphatikiza.

Musanapereke ntchito, iwerengeni mokweza muli ndi timapepala tanu pafupi. Onetsetsani kuti simunasokoneze pangano la ku Paris la 1763 ndi la 1783, kapena chikalata cha 1776 ndi malamulo a 1787, zimene ophunzira amazisakaniza kawirikawiri. Mawu alionse amene mwatenga m'buku kapena pa intaneti muwaike m'zizindikiro za mawu a mwini ndi kutchula kumene mwawatenga motsatira kalembedwe kamene aphunzitsi anu anakuuzani, chifukwa sukulu za ku America zimalanga kwambiri wokopera, ndipo zolemba zakale zambiri, kuphatikizapo chikalata cha ufulu ndi chithunzi cha Revere, mungazipeze kwaulere pa masamba a National Archives ndi Library of Congress kuti muzione nokha musanazitchule.